Galimoto Yokoka Apongozi

Tsiku limene tinaika alamu anga a Jairos Chulu, munthu amene anaimirira kunena mbiri yawo anaithamangitsa ngati akuthawa mvula. Anati anakwatira kwa Malama, anali dalaivala wa ku gemu, asiya ana asanu, tiyeni tiimbe nyimbo. Ine ndinangokhala pamphasa n'kumadya mutu. Kwathu mkazi salankhula pamanda, koma pano si pamanda, ndiye ndinena zimene bambo uja anadumpha.

Ndine Ennie, mng'ono wawo wa a Anastasia, amene anali akazi a a Jairos. Mlamu ndi munthu woseka naye, ndipo ine ndinawaseka moyo wawo wonse. Ndinkawaseka miyendo yawo yoonda, ndinkawaseka kuyankha mochedwa, moti ukawafunsa mwaswera bwanji unkatha kupita kukatunga madzi n'kubwera yankho lisanatuluke. Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti, "Mlamu, pakamwa panupo pakanakhala injini, bwenzi tonse tikuyenda ulere."

Anabwera m'mudzi mwathu ali mnyamata, kudzakhala chikamwini. Masiku amenewo tsidya la Luangwa linali gemu rizevu, malo otetezera nyama zakutchire, dzina la paki lisanamveke. Anayamba ndi kusenza katundu wa azungu oyenda m'tchire, kenaka anawaika pa ntchito yotsuka galimoto ku kampu ya kufupi ndi Chinzombo, ndipo potsukatsuka anaphunzira kuyendetsa ndi kukonza komwe. Chilimwe chonse ankakhala ku kampu. Mvula ikagwa, kampu itsekedwa, iwo ankabwera kudzalima munda wa amayi athu popanda kunyinyirika.

Tsono amayi athuwo anali munthu wa mwambo wouma. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala nyumba imodzi, sayang'anizana, salankhulana mwachindunji. Akakumana panjira, wina amapatukira m'udzu. Mabanja ena ankazifewetsa zimenezi, koma osati amayi. Ng'ala itaphimba maso awo onse awiri, osaonanso ngakhale dzanja lawo, ankati akamva chifuwa cha a Jairos pabwalo ankatembenuzirabe nkhope kukhoma.

"Amayi, mukubisalira chiyani? Si simukuona?" ndinkawafunsa.

"Ine sindiona, koma iye akuona," ankatero.

Chaka cha sikisite-naini zinthu zinafika poipa. Amayi anali atakhala mumdima zaka zambiri, ndipo chaka chimenecho anatopa nawo. Anasiya kutuluka panja. Chakudya ankangochigwira n'kuchikankha. Tsiku lina anandiitana n'kundipatsa khasu lawo ndi mikanda, nati ndigawane ndi akulu anga. Ndinawakalipira, koma nditatuluka ndinakalira kuseri kwa nkhokwe, chifukwa munthu akayamba kugawa zinthu zake timadziwa komwe walunjika.

Mwezi womwewo akatekisiti anabwera ndi mawu akuti dokotala wa maso adzafika pa chipatala china cha mishoni kumtunda, kupitirira Chipata, mu Okutobala, ndipo adzakhala masiku ochepa. Akapita, basi mpaka chaka china. Tonse tinkadziwa kuti amayi chaka china sachifika. Vuto linali ulendo. Lole sinkafika kwathu, ndipo chiuno cha amayi sichikanapirira machila a masiku angapo kukaipeza. Munthu yekhayo wodziwa chiwongolero m'mudzi monse anali mkamwini wawo, amene sakanakhala naye m'galimoto imodzi ngakhale mutawalonjeza maso anayi.

A Jairos anamva zonsezi kudzera mwa akazi awo, kenaka anati, "Kuli kalavani ija."

Kalavaniyo tonse tinkaidziwa. Kanali kanyumba kamatayala awiri, kamene mzungu wina wa ntchito yolimbana ndi ntchentche za kashembe anawasiyira pobwerera kwawo. Kanaima pansi pa mtengo ku kampu zaka zingapo, nkhuku za masikauti olondera nyama zikuikiramo mazira. M'kati munali kabedi, kabenchi, ndi zenera kutsogolo. Chimene chinalibepo ndi choikoka, pakuti galimoto za ku ntchito sizinali zotengera apongozi a munthu. A Jairos anali ndi ndalama zimene ankasunga chiyambire ntchito, zoti adzagule chigayo akadzapuma. Chigayo chimenecho ankachinena ngati mwana woti abadwa mawa. Anauza a Anastasia kuti chigayo chidikire, iwo akukagula galimoto.

Amayi atamva, anakana. Anati chinthu chomangiriridwa ku chinzake ndi nyumba imodzi. Tinaitana amalume a Cosmas, mlongo wawo, kuti adule nkhaniyi. Amalume anafunsa mafunso awiri okha.

"Chitseko cha kanyumbako ndi chimodzi ndi cha motokayo?"

"Ayi, chake n'china," anayankha a Anastasia.

"Denga?"

"Lakenso n'lina."

"Ndiye ndi nyumba ziwiri zoyandikana. Mlongo wanga, kodi pano nyumba yako ndi ya mkamwini wako sizili pabwalo limodzi?"

Amayi anang'ung'udza, kenaka anafunsa ngati munthuyo adzawaona. A Jairos anatumiza yankho lakuti kagalasi koonera kumbuyo adzakapotolera kudenga. Amayi sanavomere ndi pakamwa, koma madzulo ake anadya phala lonse.

Lole ya ku kampu yopita ku Chipata kukatenga katundu inatikokera kalavani ija yopanda munthu, kuti tikayesere nayo galimoto zogula. Ndinapita ndine, chifukwa a Anastasia ankasamala amayi. Nditafunsa alamu chifukwa chake anasankha ine, anati akufuna munthu wosadziwa kusunga dandaulo m'mimba. Ndinaganiza kuti akungondibwezera chipongwe, osadziwa kuti akunena ntchito yeniyeni.

Ku Chipata, kumene akuluakulu ankakutchulabe Fort Jameson, galimoto zakale zinali zosasowa. Azungu ambiri a m'mafamu anali atachoka, ndipo galimoto zawo zinali zitadutsa kale m'manja awiri kapena atatu. Zambiri zinali ndi chitsulo chokokera ngolo kumbuyo. Tinafikira pa galaja ya bambo wina dzina lake a Harris, amene ankagulitsira anthu galimoto zoterezi. Kang'onong'ono koyamba a Jairos anangokayang'ana n'kupukusa mutu. Anati kapepuka, potsika phiri kalavani idzakakankha n'kukagwetsera kumbali. Yaitali ngati bwato imene inali pakona anati idzamwa petulo wa ulendo wonse tisanatuluke m'tauni. Ankafuna ya pakatikati, yazitseko zinayi, ndipo zoterozo zinalipo zitatu.

Ine mtima wanga unagwera pa yofiira. Inkanyezimira, mipando yake yosang'ambika, wailesi ili momwemo. Ndinadziona ndikutsika m'menemo kwa Malama, akazi anzanga atagwira pakamwa.

"Alamu, tatengani iyi tizipita. Mukufunanso chiyani?"

Sanandiyankhe. Anavula malaya, anagona chagada pafumbi n'kulowa pansi pake. Anaimika mkono kuyeza kuchokera pansi kufika pamimba pa galimoto. Atatuluka anati, "Mlamu, mwaiwala msewu wa kwathu? Njovu zinaponda nthawi ya matope, mapazi aja anauma ngati mitondo. Iyi mimba yake ili pafupi ndi dothi." Komabe anavomera kuiyesa, kuti ndisadzanene kuti anandimana.

Kayesedwe kake ndi kamene a Harris sanakaonepo chibadwire. A Jairos anakoleka kalavani, anaikamo matumba awiri a chimanga m'malo mwa katundu wa paulendo, kenaka anandiuza kuti ndikhale pakabedi. Anandipatsa beseni lodzaza madzi kuti ndilifukate pamiyendo.

"Inu ndinu amayi lero," anatero. "Madzi akatayika, ndiye kuti chiuno chawo chamva kuwawa. Mukatsika mundiuze chilichonse, musabise."

Tinatuluka m'tauni kupita pa chitunda china chokwera kwambiri. Pakati penipeni pa chitundacho anaima dala, kuti aone ngati galimoto inganyamukenso itasenza. Yofiira ija inabangula, inabwerera m'mbuyo, kenaka inadumphira kutsogolo mwadzidzidzi. Madzi onse anathera pa ine, ndipo mutu ndinawombetsa pakhoma. Titaima ndinatuluka ndikudontha, ndikutukwana mtundu wonse wa a Chulu. Panali fungo la chinthu chopserera. A Jairos ananunkhiza n'kunena kuti kilatchi yatha, mwini wake ankaiyendetsa phazi lili pomwepo. Ine ndinangoti chikomekome cha nkhuyu, n'kufinya chitenje changa.

Yachiwiri inali yakuda, ya munthu wa sitolo. Injini yake inkalira bwino, ndipo ngakhale a Jairos anagwedeza mutu posangalala. Koma atalowa pansi kumbuyo, pamene chitsulo chokokera chimagwira, anabaya ndi msomali ndipo msomaliwo unangolowa. Dzimbiri linawagwera m'maso. Munthu wina anali atapakapo utoto wakuda kuti pasaoneke. A Harris anayamba kulonjeza kuti awotcherera, sipadzavuta.

"Mukawotcherera padzimbiri, chimagwira n'chiyani?" anafunsa a Jairos. "Ikaduka paphiri, ine ndidzapitirira, apongozi anga n'kubwerera okha ku Luangwa chambuyo."

Imeneyo sanalole ngakhale kuti ndikweremo kumbuyo kwake.

Yachitatu ndinachita nayo manyazi. Inali Pijo yotuwa, imene ankayendera munthu wa ntchito ya dibi la ng'ombe. Chitseko chimodzi chinali cha mtundu wina, mipando inali yosokedwa ndi ulusi wa matumba, ndipo m'kati munkanunkha mankhwala a nkhupakupa. Koma mkono wa a Jairos unaima pansi pake mpata n'kutsala. Msomali unakana kulowa paliponse. Anatsegula kutsogolo, anaviika chala m'madzi a injini, anapaka oilo pachikhatho n'kumuyang'ana padzuwa. Anakankha ngodya iliyonse kuti aone ngati masipuling'i akubwerera. Utsi anaununkhiza ngati munthu wogula fodya.

Ndinakweranso ndi beseni langa. Pachitunda paja anaima, ine ndinatseka maso kudikira kusamba kachiwiri. Ndinangomva kalavani ikusuntha pang'onopang'ono, madzi akugwedera koma osasefukira. Anabwereza kangapo. Potsika anaponda mabuleki mwamphamvu, galimoto inaima mowongoka, kalavani osaikankhira kumbali. Atafika pansi anaika dzanja pa injini n'kuona kuti sinatenthe mopitirira.

"Mwamva bwanji, amayi?" anandifunsa akuseka.

"Madzi alimo. Koma alamu, galimoto iyi ndi inu ndinu amodzi. Yoonda, yotuwa, yochedwa kuyankha."

"Ndiye tigwirizana," anatero.

Chigayo chinathera pamenepo. Zotsala anagulira tayala lina lapadera, lamba wa fani, chingwe chachikulu, ndi petulo wa m'zigubu. Pobwerera sanalankhule za chigayo ngakhale kamodzi, ndipo ine amene sindisowa chonena ndinaona kuti pamenepa mpofunika kutseka pakamwa.

Tsiku la ulendo anabweza kalavani mpaka chitseko chake chinayang'anizana ndi khomo la amayi. Kenaka anatsika n'kupita kukaima kuseri kwa nkhokwe mpaka titawakweza. Ine ndinakhala ndi amayi m'kalavani, a Anastasia anakhala kutsogolo ndi amuna awo. Tinamanga kachingwe kuchokera pazenera la kalavani kufika padzanja la a Anastasia. Amayi akafuna kanthu ankauza ine, ine n'kukoka kachingwe, a Anastasia n'kuuza amuna awo kuti aime. Mawu amodzi ankadutsa pa anthu atatu kuti afike kwa munthu amene anali mapazi ochepa kuchokera pomwe amayi anakhala.

Tinayenda bwino m'mawa wonse. M'mapazi a njovu muja a Jairos ankayenda ngati akuponda mazira. Amayi anagwira khoma ndi manja onse, koma sanadandaule za chiuno. Dzuwa litafika pamutu tinafika pa kamtsinje kena kamchenga, kamene popita ndi pobwera kogula galimoto kuja tinawoloka pouma. Tsikulo munali madzi ofiira. Chizimalupsa chinali chitagwa kumapiri, ife kuchigwa osaona ngakhale dontho.

A Jairos anatsika, anawoloka ndi miyendo, madzi anawalekeza m'mawondo. Anaika kamtengo m'mphepete n'kukayang'ana kwa kanthawi, ndipo anaona kuti madzi akukwera. Kudikira kunali kutaya dokotala, chifukwa palibe ankadziwa kuti atsika liti. Anaphwetsa matayala pang'ono n'kulowa. Galimoto inawoloka mpaka matayala akutsogolo anagwira tsidya, koma kalavani inatitimira mbali imodzi pakati pa mtsinje. Ine ndi amayi tinatsetserekera kukhoma.

A Anastasia anabwera pazenera, madzi ali m'ntchafu. Anati njira yachangu ndi yoti amayi atsike, kalavani ipepuke. Koma madzi anali ndi mphamvu, ndipo ife akazi awiri sitikanatha kuwanyamula osagwa nawo. Wotha kuwabereka analipo mmodzi.

"Amayi, lolani atate a Maybin akuberekeni. Ndi pafupi pomwepa," anapempha a Anastasia, kutchula amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Kuberekedwa ndi mkamwini? Bola madziwa anditenge."

Apa ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti munthu wataya chigayo chake chifukwa cha iwo, kuti Luangwa ali pafupi ndipo ng'ona zimakwera ndi madzi oterewa, kuti mwambo sudzawaika m'manda ngati mtembo wawo sudzapezeka. Ndinanena zambiri zimene mwana sanena kwa make. Amayi anangofunda chitenje kumutu.

A Jairos anamva zonse, pakuti mawu anga safuna kachingwe. Anaitana akazi awo n'kunena kuti, "Auzeni amayi akhale momwemo, asatekeseke. Ndi mlamu yemwe akhale, awagwire."

Anamasula kalavani, anakweza galimoto pamtunda pouma, anatenga nkhwangwa n'kudula nthambi za tsanya. A Anastasia ankazikokera kumadzi. Kenaka anagwada mumtsinjemo, madzi ali m'khosi, n'kuyamba kufukula mchenga pansi pa tayala ndi manja. Akafukula, madzi ankabwezeramo. Anapitiriza, akulowetsa nthambi imodzi imodzi. Kuti afike pa tayala bwino anachita kulowetsa mutu pansi pa kalavani, pansi penipeni pa kabedi kamene amayi anakhalapo. Tinkamva kupuma kwawo kudzera m'matabwa, nthawi zina akutsamwa ndi madzi.

"Ndani akupuma pansi apa?" anafunsa amayi.

"Ndi atate a Maybin. Akukumba."

Amayi anamvetsera kupumako. Kenaka ananyamula mapazi awo pansi n'kuwapinda pakabedi, kuti asakhale pamwamba pa mutu wa mkamwini wawo. Anakhala choncho, chiuno chowawa chija chitapindika, mpaka ntchito inatha.

Madzi anali atayamba kulowa pakhomo pamene a Jairos anamanga chingwe chachikulu kuchokera ku galimoto kufika ku kalavani. A Anastasia anagwira mpini wa kalavani, chitsulo chake chokolekera ku galimoto, kuti usazike mumchenga. Ndinamva injini ikulira motsika, chingwe chinakungika, ndipo ndinakumbukira yofiira ija. Ikanakhala imeneyo, ikanadumpha n'kudula chingwe. Pijo yonunkha dibi inakoka mosadukiza, pang'onopang'ono, nthambi zikuthyoka pansi pathu, mpaka ndinaona udzu pazenera. Nditatsika ndinapeza alamu atatsamira pagalimoto, zikhadabo ziwiri zitazuka, magazi akutsika m'zala. Ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje changa n'kuwamanga.

Mapiri tinakwera tsiku lotsatira, ndipo galimoto sinawire ngakhale kamodzi. Tinampeza dokotala atatsala pang'ono kunyamuka. Anawachita amayi opaleshoni diso limodzi, patapita masiku lina. Nthawi yonseyo a Jairos sanalowe m'chipinda chimene amayi anagonekedwa. Ankagona m'galimoto kunja kwa mpanda, n'kumafunsa kwa akazi awo m'mawa uliwonse kuti amayi adzuka bwanji.

Atawamasula nsalu ndi kuwaveka magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo, amayi anayang'ana denga, anayang'ana manja awo, kenaka anayang'ana ine.

"Ennie, wanenepa chonchi ukudya chiyani?"

Ndinalira ndikuseka. Anali mawu oyamba achipongwe amene ndinamva kwa iwo chaka chimenecho, ndipo ndinadziwa kuti khasu lija ndibweza.

Ndinene pano kuti chigayo a Jairos sanachigulenso mpaka imfa yawo. Munthu wina anadzamanga chake pafupi ndi sukulu, ndipo iwo ankapita kukagayitsa kumeneko ngati wina aliyense. Galimoto ija inadzanyamula azimayi ovutika pobereka, mnyamata wolumidwa ndi mvuu, ndi maliro osawerengeka, mpaka inafera pansi pa mtengo kwathu. Ankati akafunsidwa ngati sadandaula, ankayankha mochedwa monga mwa chizolowezi chawo kuti ufa umapezeka paliponse. Ine ndimawathokoza mpaka lero, ndipo sindichita manyazi kunena kuti m'banja mwathu simunalowepo mwamuna woposa ameneyo.

Pobwerera kumudzi kuchokera kuchipatala kuja mvula inali itaduka, msewu utauma. Amayi anakana kugona pakabedi. Anakhala pabenchi kutsogolo, mphuno ili pazenera, akutchula chilichonse chimene tikudutsa ngati mwana. Anatchula mbuzi, anatchula mlambe, anatchula njinga. Titayamba kutsikira kuchigwa anasiya kutchula. Ndinawayang'ana n'kuona kuti maso awo ali pa zenera lakumbuyo la galimoto, pamene pankaoneka nkhongo ya a Jairos. Kuyang'ana nkhongo mwambo suletsa, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ennie, imvi zija n'zake?"

"N'zawo, amayi."

"Ndinamusiya tsitsi lili bii. Wakalambira pakhomo panga ine osamuona." Kenaka anati, "Koka kachingwe."

Ndinakoka, galimoto inaima m'nkhalango ya tsanya, ndipo a Anastasia anabwera kudzafunsa chimene chavuta.

"Sindikufuna iwe. Itana amuna ako."

A Anastasia anandiyang'ana, ine ndinayang'ana iwo. Anapita. A Jairos anatsika, anabwera mpaka pakati, anagwada patali n'kutembenuzira nkhope kutchire, monga anachitira kuyambira tsiku limene analowa m'mudzi mwathu. Amayi anatsika okha m'kalavani, osalola kuti ndiwagwire. Kwathu apongozi akafuna kuthetsa manyazi ndi mkamwini amamupatsa kanthu m'manja. Amayi analibe nkhuku, analibe ndalama. Anavula kachibangili kamkuwa kamene kanali padzanja lawo chiyambire utsikana wawo, anayenda mpaka pamene a Jairos anagwada, n'kukaika m'chikhatho chija cha zala zomangamanga.

"Atate a Maybin," anatero, kulankhula nawo okha kwa nthawi yoyamba. "Tayang'anani kuno."

A Jairos sanatembenuke. Khosi linali litazolowera mbali imodzi.

"Tayang'anani kuno, mwana wanga. Maso awa ndi anu. Ndikapanda kuona inu, ndiona ndani?"

Anatembenuka pang'onopang'ono. Amayi anawerama, anawagwira chibwano, n'kuwayang'ana nkhope yonse kudzera m'magalasi aja, kuyambira pamphumi mpaka pandevu. Alamu anga, munthu amene anakumba mtsinje ndi manja osabuula, analira ngati mwana pamsewu pomwepo. Amayi anawapukuta ndi chitenje chawo.